Mmene Mungasankhire Mphamvu ya Mota Yamagetsi ya Boti Losodzera

Mota yaing'ono yamagetsi ija, imene pabokosi amailemba kuti trolling motor, ntchito yake ndi kuyendetsa boti pang'onopang'ono mosabalalitsa nsomba, komanso kuligwira pamalo amodzi inu mukuponya mbedza. Ambiri amaigula pongoyang'ana kutalika kwa boti. Madzi akakhala bata, zonse zimaoneka kuti zili bwino. Mphepo ikangodzuka, mutu wa boti umakhotera kumene mphepoyo ikufuna, mota ili pa liwiro lomaliza, ndipo batire limatha dzuwa lisanafike paliwombo. Chimene chimalamula mphamvu yofunika ndi kulemera kwa boti litasenza zonse, kenako mphepo ndi madzi amene mumasodzamo. Nambala imeneyo ikapezeka, mabatire, mawaya ndi kutalika kwa shafti (ndodo yaitali imene imatsitsa mota ndi pulopela m'madzi) zimangotsatira.

Zoti mukhale nazo musanayambe

- Buku la boti kapena kachitsulo kolembedwa kulemera kwake, kamene kamakhomedwa chakumbuyo
- Sikelo yoyezera katundu ndi anthu
- Tepi yoyezera, makamaka yokhala ndi masentimita ndi mainchesi
- Mita yoyezera magetsi
- Pepala, cholembera ndi kakyuleta ya pafoni
- Munthu wachiwiri woti akhale m'boti poyeza

1. Dziwani kaye nambala imene mukufunafuna

Mamota amenewa sawayeza ndi mahosipawa ngati injini ya petulo. Pabokosi mupeza mawu oti thrust, kutanthauza mphamvu yokankha madzi, ndipo imalembedwa m'mapaundi: 30 lb, 55 lb, 80 lb, 112 lb. Mota ya 55 lb ikamagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse imakoka ma-ampu (muyezo wa magetsi oyenda m'waya) pafupifupi 50 pa mavoliti 12 (12V), omwe ndi mawati 600. Hosipawa imodzi ndi mawati 746, choncho mota imeneyi sikwana ngakhale hosipawa imodzi.

Chenjezo: mapaundi ambiri sakupatsani liwiro lalikulu. Mamota ambiri a mtundu uwu amathera cha pa makilomita 8 pa ola, kaya ndi yaikulu kapena yaing'ono, chifukwa pulopela yake inapangidwira kukankha katundu osati kuthamanga. Mapaundi owonjezera amakuthandizani kulimbana ndi mphepo, kukhota msanga ndi kudutsa m'udzu.

2. Werengerani kulemera kwa boti litasenza zonse

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Nambala ya m'buku nthawi zambiri ndi ya boti lopanda kanthu: mulibe injini, mulibe mafuta, mulibe munthu. Mota yanu siidzakankha boti lopanda kanthu ngakhale tsiku limodzi.

Lembani chilichonse chimene chimakwera pa tsiku limene boti limadzaza kwambiri. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Lita ya petulo ndi pafupifupi makilogalamu 0.75. Batire la mtovu la 100Ah (Ah ndi muyezo wa kuchuluka kwa magetsi amene batire limasunga) limalemera makilogalamu 27 mpaka 30, pomwe la lithiamu la kukula komweko limangokhala 11 mpaka 13.

Tiyerekeze boti la aluminiyamu la mamita 5:

- boti lokha: 320 kg
- injini ya petulo: 70 kg
- petulo malita 40: 30 kg
- batire lolizira injini: 20 kg
- batire la mota yamagetsi: 28 kg
- mota yamagetsi ndi chomangirira chake: 20 kg
- anthu atatu: 240 kg
- nangula, zingwe, mbedza, bokosi la ayezi ndi nsomba: 80 kg
- madzi a m'thanki la nyambo yamoyo: 60 kg

Zonse pamodzi ndi makilogalamu 868. Taonani kuti boti la 320 lija lafika pafupifupi katatu kulemera kwake.

Chenjezo: boti la matabwa limamwa madzi likakhalitsa, ndipo la faibala lakale limatha kusunga madzi mkati mwa thovu la pansi popanda kuoneka. Ngati lanu ndi lotere, likwezeni pa ngolo yake mukaliyeze pa sikelo ya magalimoto, kenako muchotsere kulemera kwa ngoloyo.

3. Sandutsani makilogalamu kukhala mapaundi okankha

Muyezo umene opanga mamota amaugwiritsa ntchito ndi uwu: mapaundi 2 a mphamvu yokankha pa mapaundi 100 aliwonse a kulemera kwa boti. Kilogalamu imodzi ndi mapaundi 2.2. Kuti musavutike ndi masamu awiri, ingogawani makilogalamu ndi 23.

Boti lathu lija: 868 kugawa ndi 23 ndi 38. Ndiye kuti mapaundi 38 ndiwo ochepetsetsa, oyenera madzi abata opanda mphepo. Musathamangire kukagula ya 40 lb. Nambalayi ndi poyambira chabe.

4. Onjezerani za mphepo, madzi othamanga ndi maonekedwe a boti

Gawo ili ndi limene limasiyanitsa mota yosangalatsa ndi yokhumudwitsa, ndiye tikhalepo pang'ono.

Mphepo ikawirikiza kawiri liwiro, mphamvu imene imakankha nayo boti imawirikiza kanayi. Ndi chifukwa chake mota imene inkakwanira m'mawa imalephereratu masana, ngakhale mphepo ikuoneka kuti yangowonjezeka pang'ono. Ndipo mphepo siyang'ana kulemera. Imayang'ana kukula kwa mbali imene ili pamwamba pa madzi. Boti lopepuka la aluminiyamu la m'mbali zazitali limauluzika mosavuta kuposa la faibala lolemera limene linamira pang'ono. Denga lotchinga dzuwa, galasi lakutsogolo, ngakhale anthu awiri oimirira, zonsezi zimagwira mphepo ngati thanga.

Pansi pa boti ponso pali nkhani. Boti la pansi pafulati limaterereka cham'mbali. La pansi posongoka limagwira madzi bwino koma limafuna mphamvu yambiri kuti likhote. La migolo iwiri yoyandama, lokhala ndi mpanda ndi denga, ndilo lovuta kwambiri pa mphepo.

Onjezerani motere pa nambala mwapeza ija:

- dziwe kapena damu laling'ono lotchingidwa ndi mitengo: gawo limodzi mwa magawo 10, kapena ingotengani mota yotsatira pamndandanda
- nyanja yotseguka ya mphepo ya tsiku ndi tsiku: magawo 3 kapena 4 mwa magawo 10
- mtsinje wothamanga, madzi a udzu wambiri, kapena kumene nyanja imadzaza ndi kuphwa: theka la nambalayo

Boti lathu likamasodza panyanja yotseguka: 38 kuchulukitsa ndi 1.4 ndi 53. Mota yoyenera ndi ya 55 lb.

Mukagwa pakati pa mamota awiri, tengani yaikulu. Mota yaikulu yoyenda pa theka la mphamvu zake imakhala chete, situtumutsa nsomba, ndiponso sitentha. Yaing'ono yokakamizidwa tsiku lonse imatha msanga. Ngati mukufuna mota yokhala ndi GPS yogwira boti pamalo amodzi popanda nangula, monga Spot-Lock ya kampani yopanga mamota ya Minn Kota, mphamvu yapadera ndi yofunika koposa, chifukwa makinawo akaona boti likuthawa amaitanitsa mphamvu yonse nthawi imodzi. Ikasowa, boti limangozungulirazungulira.

5. Onani kuti mapaundiwo akufuna mabatire angati

Mapaundi ndi mavoliti zimayendera limodzi:

- 30 mpaka 55 lb: 12V, batire limodzi
- 70 mpaka 80 lb: 24V, mabatire awiri
- 101 mpaka 112 lb: 36V, mabatire atatu

Malire enieni ali pa 55 lb. Boti la makilogalamu 1,300 limafuna mapaundi 57 pa madzi abata, ndiye kuti ladutsa kale 12V. Mukaonjezera za mphepo mufika 79, kutanthauza mota ya 80 lb ndi mabatire awiri.

Ubwino wa 24V ndi woti pa ntchito yofanana imakoka theka la ma-ampu a 12V, choncho mawaya satentha kwambiri, ndipo muli ndi magetsi a mabatire awiri oti akufikitseni madzulo. Kuipa kwake ndi malo ndi kulemera. Batire lachiwiri la mtovu ndi makilogalamu ena 28, ndiye bwererani pa gawo 2 mukawaonjezere. Yezaninso malo amene mabatirewo adzakhale musanalipire chilichonse. Mota ya 36V m'boti lopanda poika mabatire atatu ndi katundu wachabe.

Polumikiza 24V, tengani waya wochokera ku pozitivi ya batire loyamba muulumikize ku negativi ya lachiwiri. Mawaya a mota amapita ku mitu iwiri yotsalayo. Mabatire onse akhale a mtundu umodzi, kukula kumodzi, ogulidwa nthawi imodzi. Mukasakaniza lakale ndi latsopano, lakale limatha msanga n'kuyamba kukokera mnzake pansi.

Chenjezo: musapatse mota ya 12V magetsi a 24V poganiza kuti iwonjezera mphamvu. Imapsa.

6. Werengerani maola a batire

Gulani mabatire olembedwa deep cycle, opangidwira kutulutsa magetsi pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Batire la galimoto linapangidwira kukankha kwa masekondi ochepa poliza injini, ndipo mukamalikhetsa tsiku ndi tsiku silichedwa kufa.

Masamu ake: gawani ma-Ah ogwiritsika ndi ma-ampu amene mota ikukoka. Mawu oti ogwiritsika ndi ofunika. Batire la mtovu silifuna kutsitsidwa kupyola theka, choncho la 100Ah limakupatsani 50Ah. Pa liwiro lomaliza la mota ya 55 lb, limenelo ndi ola limodzi, mwinanso osakwana, chifukwa batire la mtovu likamakokedwa mwamphamvu limapereka zochepa kuposa zolembedwa. Pa liwiro lochepa la ma-ampu 15, mupeza maola atatu ndi kamphindi. La lithiamu la mtundu wa LiFePO4 limalola kugwiritsa ntchito 80 mpaka 90Ah, ndiye pa ma-ampu 15 omwewo ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi.

Pogula la lithiamu, werengani ma-ampu amene kabokosi kake koteteza, kotchedwa BMS, kamalola mosalekeza. Akakhala 50 pomwe mota imakoka 56, batire lidzazima lokha pa nthawi imene mukulifuna kwambiri, mphepo ikukukankhirani kumiyala. Funaninso tchaja yoyenera lithiamu.

Kasinthidwe ka liwiro nakonso kamadya kapena kusunga batire. Mamota otsika mtengo a magiya asanu akutsogolo ndi atatu akumbuyo amachepetsa liwiro potaya magetsi ena ngati kutentha. Amene liwiro lake limasinthika mosadumpha amangotenga magetsi ofunika pa liwirolo. Ngati mumakhala tsiku lonse mukuyenda mwakachetechete, mtundu wachiwiriwu ndiwo wanu.

7. Yezani kutalika kwa shafti

Mota yamphamvu ya shafti yaifupi ndi yopanda ntchito. Mutu wa boti ukakwera pa funde, pulopela imatulukira kunja, imameza mpweya, n'kulira phwaphwaphwa, nsomba zonse n'kuthawa. Pakati pa mota yam'madziyo payenera kumira masentimita osachepera 30.

Yezani boti lili m'madzi, litasenza monga mwa masiku onse, mnzanu atakhala pamene amakhala. Yambani pamwamba pomwe mota idzamangidwe kufika pamene madzi alekezera. Onjezerani masentimita 50. Ngati mumasodza pa mafunde, onjezerani ena 13. Mashafti amagulitsidwa m'mainchesi, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54.

Mwachitsanzo, kuchokera pamutu wa boti kufika pamadzi ndi masentimita 60. Kuonjeza 50 ndi 13 zikukwana 123, omwe ndi mainchesi 48. Gulani ya 48 kapena 52. Mota zomangirira pa thabwa lakumbuyo zimafuna zazifupi, kawirikawiri mainchesi 30, 36 kapena 42, chifukwa kumbuyo kumakhala pafupi ndi madzi ndipo sikudumpha kwambiri.

Shafti ikatalika pang'ono, mumangoikweza ndi kolala yake. Ikafupika palibe chochita.

Chenjezo: musayeze mutaimirira pamutu pa boti ngati posodza mumakhala kumbuyo. Kulemera kwanu kumatsitsa mutuwo, ndipo mudzagula shafti yoperewera.

Kamfundo kena pomwepa: mota yomangidwa kutsogolo imakoka boti, ndipo kukoka kumawongola bwino pa mphepo kuposa kukankha kuchokera kumbuyo. Pa boti lopitirira mamita 4 kapena 5, mapaundi omwewo amagwira ntchito yooneka akakhala kutsogolo.

8. Sankhani mawaya ndi buleka

Mota yabwino imatha kuoneka yofooka chifukwa cha waya wowonda. Magetsi amatayikira m'njira, wayayo amafunda, ndipo ku mota kumafika mavoliti operewera. Pa tebulo la Minn Kota, mota ya 55 lb imakoka ma-ampu 50 ndipo imafuna buleka, kachipangizo kodula magetsi akachuluka, ya ma-ampu 60 (60A). Ya 80 lb imakoka 56, ya 112 lb imakoka 52, ndipo zonsezi buleka yake ndi 60A. Ya 30 mpaka 45 lb imafuna ya 50A. Makampani ena monga MotorGuide, Garmin ndi Lowrance ali ndi matebulo awo, ndiye tsatirani la mota yanu.

Kukula kwa waya kumadalira mtunda. Pa mota ya 55 lb, mamita 1.5 amafuna waya wa 8 AWG (AWG ndi muyezo wa kunenepa kwa waya), omwe ndi pafupifupi 8 mm². Mamita 3 amafuna 6 AWG, pafupifupi 13 mm², ndipo mamita 4.5 mpaka 6 amafuna 4 AWG, pafupifupi 21 mm². Nambala ya AWG ikamachepa, waya amakhala akukula. Ambiri amasokoneza pamenepa n'kugula wowonda poganiza kuti 10 ndi wamkulu kuposa 6.

Buleka ikhale pa waya wa pozitivi, pafupi ndi batire, mosapitirira masentimita 18 ngati malo alola. Gwiritsani ntchito waya wa kopa wa timawaya ting'onoting'ono tambirimbiri wokutidwa ndi tini, wopangidwira maboti, ndipo mitu ya batire muimange ndi manati olimba, osati ongopotokola ndi zala.

9. Yesani pamadzi musanakhulupirire

Sankhani tsiku la kamphepo, osati labata. Tchajani mabatire mpaka adzaze. La mtovu likadzaza n'kupuma limaonetsa 12.6 kapena 12.7V, ndipo likafika cha pa 12.2V latsala theka. La lithiamu silinena zoona pa mavoliti, chifukwa limakhala pafupifupi pamodzimodzi mpaka litatsala pang'ono kutha, choncho limafuna mita yowerenga ma-ampu otuluka.

Lozetsani mutu wa boti kumphepo ndipo onani liwiro limene likuligwira pamalo amodzi. Likagwira pa gawo limodzi mwa atatu kapena theka la mphamvu, mwasankha bwino. Mukafunika kutsegula pafupifupi yonse pa kamphepo wamba, mota yachepa.

Kenako tsegulani liwiro lomaliza, mnzanu ayeze mavoliti pa batire komanso pa pulagi ya mota. Kusiyana kukapitirira 0.6V pa 12V, waya ndi wowonda kapena polumikizira pena pachita dzimbiri. Pakatha mphindi zisanu gwirani pulagi ndi mitu ya batire. Pamene pakutentha ndi pamene pakutayikira mphamvu yanu.

Zolakwa zimene zimabwerezedwa

*Kugula potengera ya mnzanu.* Maboti awiri a mamita 5 akhoza kusiyana ndi makilogalamu 400. Werengerani lanu.

*Kulumikiza mota ku batire lolizira injini.* Madzulo injini imakana kulira muli pakati pa madzi. Mota ikhale ndi mabatire akeake.

*Kutenga 12V ya nyali kapena makina oonera nsomba pa batire limodzi mwa awiri opanga 24V.* Batire limenelo limatha kuposa linzake ndipo awiriwo sagwirizananso. Makina oonera nsomba amayambanso kuonetsa mizeremizere mota ikamazungulira.

*Kuika mota ya madzi opanda mchere m'nyanja yamchere.* Ya m'madzi amchere imakhala ndi utoto wolimba, zamagetsi zotsekedwa bwino, ndi kachitsulo kamene kamadyeka m'malo mwa mota. Ngakhale imeneyo muziitsuka ndi madzi abwino mukabwerako, ndipo kachitsuloko kakadyeka theka kasintheni.

*Kusiya batire la mtovu lisanatchajidwe.* Likagona masiku litatha, mbale zake zamkati zimaundana ndipo silidzadzazanso ngati kale. Tchajani tsiku lomwelo.

*Kuimba mlandu mota pomwe vuto lili kuseri kwa pulopela.* Chingwe cha mbedza chimakulungika pamenepo, chimalemetsa mota, kenako chimadula labala wotchinga madzi. Madzi akalowa, mota yatha. Pakapita maulendo angapo, chotsani waya ku batire, masulani nati, vulani pulopela, chotsani chingwe ndi udzu. Onaninso kapini kopingasa kamene kamazunguza pulopela: kakapindika, mota imanjenjemera ndi kutaya mphamvu. Sungani kapini kena, nati ndi pulopela yapadera m'bokosi la zida, pamodzi ndi sipanala yoyenera natiyo, ndipo nkhafi isamachoke m'boti.